Mwana wa zaka 13 akutungira anthu madzi, sukulu anamubweza: tithandizane nzeru

NaPhiri_Tafara
Moni nonse a pagulu. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo. Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi kuno ku Tafara, mu Harare, kumakhala agogo ena aakazi ndi mdzukulu wawo wa zaka 13. Dzina sinditchula. Mwanayu ndimakumana naye pa mjigo m'bandakucha, cha m'ma 4 koloko, ali ndi wilibala yobwereka ndi zigubu zinayi. Amatungira anthu madzi, tsiku likamuyendera amapeza dola imodzi kapena awiri. Lachiwiri ndinamugwira dzanja pomuthandiza kukweza chigubu, zikhatho zake ndi zong'ambika ngati za mwamuna wosema mipini. Ndinamufunsa za sukulu, iye n'kungoti "anandibweza", maso ali pansi.

Nditapita kwa agogo ake ndi pamene ndinamva zonse. Mwanayu anafika Giredi 7 ndipo m'kalasi anali mwa otsogola, koma sanalembetse mayeso chifukwa alibe satifiketi ya kubadwa. Mayi ake anamwalira asanakhaleko ndi chitupa. Bambo ake sadziwika komwe ali. Agogowo anabadwira pa famu cha ku Bindura, makolo awo anachokera ku Dedza, ndipo chomwe ali nacho ndi kachitupa kachitsulo kakale kolembedwa kuti iwo ndi mlendo. Ku ofesi anapitako kawiri, kawiri konse anauzidwa kuti abwere ndi mapepala a mayi wa mwana. Mapepala ake ati, poti munthuyo boma silinamulembepo kuti anabadwa? Ine ndimagulitsa matimati, za malamulo sindizidziwa. Amene munadutsa njira imeneyi, tiyambire pati?

Che_Mbare
Pepani amayi. Nkhani imeneyi kuno ku Matapi ili pafupifupi khomo lililonse. Agogo alibe, mayi alibe, mwana alibe. Umphawi wathu ife timasiyirana ngati chuma chamasiye.

Makaniko_Gazaland
Ndikumva chisoni ndi mwanayo, koma ndilankhule zoona ngakhale ziwawe. Anthu athu timazengereza. Mu 2022 a boma anazungulira m'madera miyezi ingapo akulemba anthu zitupa ndi masatifiketi, agogowo anali kuti? Bambo anga anali wophika kwa mzungu ku Avondale, sanapite ku sukulu ngakhale tsiku limodzi, koma ana asanu ndi awiri tonse anatilembetsa. Ine ndinayamba ndi kutsuka masipanala a anthu pano pa Gazaland, lero ndili ndi galaja yanga ndi anyamata atatu. Khama limapindula. Tikamangoloza boma chala, ana athu aphunzira kukhala pansi n'kumadikira.

Mdzukulu_wa_Chona
Achimwene, mwana wodzuka 4 koloko kukankha malita 80 a madzi mukumuuza za khama?

Makaniko_Gazaland
Sindinanene mwanayo. Ndanena akuluakulu omwe anamusiya chonchi.

Gogo_Hopley
Mwana wanga wa ku Gazaland, bambo ako anali ndi mwayi umodzi womwe sukuuwerenga: ankakhala m'tauni, ofesi ili pafupi, bwana wawo akutha kuwalembera kalata. Ife a kumafamu sizinali choncho. Ndikuuze za ine, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera.

Bambo anga anabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za m'mafamu, m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya. Anachoka kwa Kachindamoto ali mnyamata, akuti akagwire zaka ziwiri apeze ya msonkho ndi ya njinga. Sanabwerere. Kwathu anthu otere ankawatcha matchona. Ine ndinabadwira m'komboni ya famu ya fodya cha ku Mvurwi, wondibadwitsa anali mzamba wa pakomboni pomwepo, kalata panalibe. Ndinayamba kusoka fodya ndili ndi zaka 9. Chitupa ndinachipeza ndili ndi ana kale, ndipo anandilemba kuti mlendo, ine munthu woti malire a Nyamapanda sindinawawolokepo.

Mafamu atayamba kulandidwa m'chaka cha 2000, ife ogwira ntchito sitinawerengedwe pa ogawiridwa. Ankati mulibe kwanu kuno, mulibe mfumu yokuchitirani umboni. Tinanyamula mapoto ndi mabulangete kubwera ku Mbare, ndinamanga kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba ya munthu. Mu Meyi 2005 kunabwera Murambatsvina, boma likugwetsa nyumba zomwe linkati n'zosaloledwa. Anatiuza kuti tigwetse tokha. Ndinazula misomali yomwe ndinakhoma ndekha, m'nyengo yozizira, ana akugona panja pafupi ndi moto. Chikwama chomwe munali makadi a sikelo a ana chinasowa tsiku limenelo. Kuchoka apo anatitengera ku Caledonia, kenako kuno ku Hopley. Tsono ukamati agogowo anali kuti mu 2022, ine ndikuyankhe: mwina anali pa mzere, ngati mmene ndinaliri ine, n'kubwezedwa chifukwa mboni zomwe zimafunika zinamwalira kapena zinabalalika ndi mafamu. Ndagwira ntchito zaka zoposa 50 m'dziko lino. Ulesi sindiudziwa.

MayiMvano_Highfield
Agogo, zikomo potitsegula maso. Ambiri a ife tinabadwira m'tauni, za kumafamu timangozimva.

Mphunzitsi_Mufakose
Ndaphunzitsa zaka zambiri ndipo ana otere ndawaona akutsalira chaka ndi chaka, ndiye ndiloleni ndilembe motalika pang'ono.

Zomwe anena agogo a ku Hopley zinalembedwa ndithu. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka, inapeza kuti anthu pafupifupi 700,000 anataya nyumba kapena pogwirira ntchito pa Murambatsvina. Nkhani ya zitupa inavuta kwambiri ndi lamulo la unzika la 2001, lomwe linkafuna kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akakane unzika umenewo kaye. Munthu wobadwira ku Mvurwi ankayenera kukakana Malawi yemwe sanamuonepo, ndipo ambiri sanamve n'komwe kuti lamulolo lilipo. Anangozindukira pa chisankho cha 2002 kuti maina awo palibe.

Koma amayi a ku Tafara, pali khomo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013, gawo 43, amati munthu amene anabadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, kholo lake mmodzi kapena onse ali nzika za dziko la mu SADC, ndipo iye akukhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Malawi ali mu SADC. Choncho agogowo si mlendo, ngakhale kachitsuloko kakunena choncho. Gawo 81 limanenanso kuti mwana wobadwira muno ali ndi ufulu wopatsidwa satifiketi ya kubadwa mwamsanga.

Langizo langa ndi lakuti musayambire pa mwana. Yambirani pa agogo, chitupa chawo chisinthidwe chikhale cha nzika. Akatero iwo ndi amene adzaime ngati mboni ya mwana wawo womwalirayo komanso ya mdzukulu. Pakali pano sonkhanitsani kapepala kalikonse: khadi la sikelo, kalata ya ku chipatala komwe mwana anabadwira, khadi la ubatizo, kalata ya mphunzitsi wamkulu yonena chaka chomwe analowa sukulu, ngakhale chiphaso cha manda a mayi ake. Musapite nokha. Pitani kaye kwa a zachisamaliro cha anthu m'dera lanu, ana amasiye ndi ntchito yawo. Kulinso mabungwe a maloya othandiza osauka mwaulere, monga Legal Resources Foundation. Ndipo mukabwezedwa, funsani mwaulemu kuti akulembereni pa pepala chomwe chikusowa. Pakamwa pokha lero akuuzani china, mawa china.

NaPhiri_Tafara
Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni. Ndakopera zonse m'kope. Madzulo ano ndikakhala pansi ndi agogowo titsegule sutikesi yawo.

Mdzukulu_wa_Chona
Malamulo ndi abwino aphunzitsi, koma akhala pa pepala kuyambira 2013. Mu 2021 a Amnesty International anatulutsa lipoti lonena kuti anthu pafupifupi 300,000 muno ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko, ambiri mwa iwo zidzukulu za anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, ena ana a omwe anaphedwa ndi asilikali a boma pa Gukurahundi ku Matabeleland. Wopanda chitupa sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake, ndiye kuti ndalama za pa foni za EcoCash palibe, banki palibe, ntchito yolembedwa palibe. Amatsala ndi ganyu basi. Kenako anthu omwewo n'kumati taonani Mabhurandaya, dzina lotinyoza ife ochokera ku Malawi, sakonda sukulu.

Mlonda_Mabvuku
Ine nkhani ya madziyi ndi yomwe yandigwira. Ndimalondera pa nyumba ina kumpoto kwa mzinda, cha ku Borrowdale. Usiku ndikakhala pa geti ndimamva timipopi tothirira kapinga tikuzungulira, tsi tsi tsi, mpaka kucha. Ali ndi mjigo wawo wa magetsi a dzuwa, matanki awiri, ndi dziwe losambiramo lomwe mwezi wathunthu ungathe osalowamo munthu. Sindikuwada, amandilipira pa nthawi yake ndipo mayi wa pakhomopo anandigulira mankhwala mwana wanga atadwala. Koma ndikaweruka 6 koloko ndimakwera makombi awiri, ndikafika kunyumba mkazi wanga akadali pa mzere wa madzi womwe anauyamba ine ndili pa geti. Ku Mabvuku kuno kuli ana afika msinkhu wa sekondale osaonapo madzi akutuluka pa mpopi wa m'nyumba mwawo. Mpopi ulipo, unachita dzimbiri. Kapinga wa kumene ndimalondera amamwa madzi abwino kuposa ana anga. Ndikaliganiza limeneli mtima umandiwawa mpaka kulephera kudya.

Mphunzitsi_Mufakose
Ndipo gawo 77 la malamulo omwewo limati munthu aliyense ali ndi ufulu wa madzi abwino ndi chakudya chokwanira. Vuto ndi lakuti madzi a mzinda uno amachokera ku madamu a Chivero ndi Manyame, kumunsi kwa mzinda, komwenso kumathera zonyansa za m'masuweji athu. Kuwayeretsa ku Morton Jaffray kumadya mankhwala ambiri, mapaipi ndi akale, ndipo madera a kum'mawa ngati Mabvuku ndi Tafara ali kumtunda, kutali, madzi amatha asanafike. Damu la Kunzvi talimva likunenedwa kuyambira ndili mphunzitsi wachinyamata.

Che_Mbare
Kolera ya 2008 inatenga anthu oposa 4,000 m'dziko muno. Ine ndinasambitsa maliro ambiri chaka chimenecho. Inabweranso 2018 ku Glen View ndi Budiriro, inabweranso 2023. Nthawi zonse imayambira kwa ife a zimbudzi zogawana. Pa fulati yathu chipinda chomwe atsamunda anamangira mwamuna mmodzi wogwira ntchito, lero mukugona banja lonse, makatani ndiwo makoma.

Makaniko_Gazaland
Za madzi sinditsutsa, ifenso ku Highfield timagula. Koma a ku Borrowdale sanabe mjigo wa munthu, anakumba ndi ndalama zawo. Kodi tikufuna aliyense akhale wosauka kuti tifanane?

Mlonda_Mabvuku
Ayi achimwene. Ndikufuna mpopi wanga utuluke madzi, poti bilu ya khonsolo imabwera mwezi ndi mwezi.

Wa_ku_Ntcheu_2019
Ine ndine mlendo weniweni pagulu pano, ndinabwera 2019, ndimagwira ntchito ya m'nyumba ku Greendale. Funso langa ndi lakuti, agogo ngati amenewa bwanji osangobwerera kumudzi? Ku Dedza mbatata imabereka, munthu sagona ndi njala ngati ali ndi kamunda. Kusiyana n'kuvutika m'tauni ya eni.

Gogo_Hopley
Kumudzi kwake kuti, mwana wanga? Ndikatsika basi pa Dedza ndifunse nyumba ya yani? Bambo anga ankatchula dzina la mudzi ndi la mlongo wawo, onsewo anapita kalekale. Ndiponso kwathu munda umayenda kuchikazi, ine mwana wa mwamuna ndikapempha chiyani kwa eni mbumba? Kuno amati ndine Mmalawi, kumeneko akandimva Chichewa changa chosakaniza ndi Chishona adzati Mzimbabwe wabwera kudzalanda malo. Manda a bambo anga ali pa famu ija, a mkazi wanga ali ku Mbudzi. Kwathu ndi kuno.

Wa_ku_Ntcheu_2019
Pepani agogo, ndinalankhula mosaganiza. Ndipo kunena zoona kumudzi nakonso si kofewa. Ndikanakhala kuti zinali bwino sindikanasiya ana anga awiri ndi amayi. Namondwe Freddy mu Malichi 2023 anakokolola anthu ndi nyumba ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe. Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, feteleza n'kukwera osafikirika. Anyamata a m'mudzi mwathu ambiri ali ku Joni, amadutsa konkuno pa basi osatsika n'komwe. Ndimatumiza kangachepe mwezi uliwonse, amayi amati ndi kameneko kakuwasunga.

Mdzukulu_wa_Chona
Taonani mmene zimazungulira. Agogo athu anachoka kumudzi kuthawa msonkho ndi umphawi, ena ndi Wenela ku migodi, ena ndi Mthandizi ku mafamu. Patha zaka 70, achemwali athu akuchokabe pa chifukwa chomwecho, kudzatsuka mbale za anthu. Fodya yemwe anamanga nyumba zosanja za mu Salisbury, Harare wa lero, anasokedwa ndi manja a yani? Ife tinatsala ndi chiyani?

Wopuma_Kambuzuma
Tinatsala ndi mapepala opanda ntchito. Ine chitupa ndili nacho, nzika yeniyeni, ndiye musaganize kuti chitupa chokha chimachotsa umphawi. Ndinagwira zaka 26 pa fakitale ina ku Workington, mwezi uliwonse akudula ya penshoni. Mu 2008 ndalama inasanduka mapepala, pofika Januwale 2009 tinagwira noti imodzi ya 100 trillion yosakwana n'komwe zogula za tsiku. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya America mu 2009, anandiitana n'kundiuza kuti zaka zanga zonse zija zakwana ndalama yoti sindikanagula nayo ngakhale njinga yabwino. Boma linakhazikitsa bungwe lofufuza mu 2015 motsogozedwa ndi Justice George Smith, ndipo linapeza kuti anthu anataya zambiri pa kusinthako. Anzanga ambiri amwalira akudikira. Kuchoka apo taona ndalama zikusinthasintha, bond mu 2016, RTGS mu 2019, ZiG mu Epulo 2024. Wolemera ndalama yake amaisunga m'nyumba za lendi, m'malo, kapena kunja. Wosauka amaisunga m'thumba, ndipo m'thumbamo ndi momwe imasungunukira. A ku Gazaland, khama ndinali nalo. Ndinkafika pa ntchito mlonda asanatsegule geti.

Makaniko_Gazaland
Bambo, zimenezo zinawachitikiranso amalume anga, sindingatsutse. Chomwe ndikukana ine ndi mtima woti palibe chomwe tingachite. Ndimaona anyamata pano pa Gazaland, wina ndimamuitana kuti bwera ugwire sipanala ndikuphunzitse, masiku atatu wathawa, ukamupeza ali pa kona maso ali gwa ndi mankhwala ozunguza bongo a mutoriro. Ameneyonso ndi chitupa?

MayiMvano_Highfield
Ameneyo ndi mwana amene anaona mkulu wake atamaliza Fomu 4 bwinobwino n'kumagulitsa maeyataimu pa msewu. Sindikumuikira kumbuyo, mankhwalawa atithera ana, bronco, musombodia, mutoriro, mpaka kuba mapoto a mayi awo. Ku mvano timapemphera ndi amayi olira sabata iliyonse. Koma ndikufuna tibwerere kwa mtsikana uja, chifukwa pali chinthu chomwe abambo simunachione. Mwana wamkazi wa zaka 13 pa mjigo 4 koloko ya usiku. Amayi a ku Tafara, mijigo yambiri ili ndi anyamata odziika okha kukhala oyang'anira mzere. Amene alibe ndalama yodumphira mzere amauzidwa kuti alipire mwa njira ina. Ife tinalandirapo mwana wa zaka 14 ali ndi pakati, atafunsidwa anati ankafuna kutunga msanga kuti asachedwe ku sukulu. Mapepala atenga miyezi. Mwanayu achoke pa mjigo usiku sabata ino.

NaPhiri_Tafara
Amayi, mwandilasa mtima chifukwa anyamata amenewo alipodi, ndipo mmodzi ndamuonapo akumunyamulira chigubu. Ndinkaona ngati chifundo. Kuyambira mawa ndizidzuka naye, azitunga ine ndili pompo.

Wa_Gule_Dzivarasekwa
Mwachita bwino. Kale m'makomboni zoterezi sizinkachitika chifukwa mwana anali wa aliyense. Anthu athu anafika kuno opanda abale, n'kupanga ubale wawo: mabungwe a maliro, dambwe, mpingo, mzikiti. Munthu akamwalira wopanda mbale, a sosayeti ankagula bokosi, gule n'kutuluka kumuperekeza. Lero ana athu akuchita manyazi, akamva anzawo akunena za zvigure, dzina la gule m'Chishona, amabisala, ena asintha ndi maina omwe kuti asadziwike kuti ndi a Phiri kapena a Banda. Chonsecho UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005.

Mdzukulu_wa_Chona
Amabisala chifukwa anatukwanidwa kuchokera pamwamba. Mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, a Mugabe, ananenapo pa msonkhano kuti anthu a ku Mbare ndi opanda mutupo, kapena kuti mfunda. Ine ndili mwana ku sukulu mawu amenewo ankandiponyera anzanga. Koma Benjani Mwaruwari akamagoletsa ku Portsmouth ndi ku Manchester City, aliyense ankati mwana wathu wa Zimbabwe, za makolo ake a ku Malawi osazikumbuka.

Che_Mbare
Mfunda tili nawo, Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, Milanzi. Amene sanafunse ndi amene anati tilibe.

MayiMvano_Highfield
A Gule, ine ndi inu pa za dambwe sitidzagwirizana, mukudziwa. Koma pa za sosayeti mwanena zoona. Mpingo wathu wa CCAP kuno unayamba ndi anthu omwewa, ophika, olima, a m'migodi, akusonkha makobiri. Ngati iwo anatha kumanga matchalitchi ndi malipiro a ukapolo aja, ife tingalephere fizi ya mwana mmodzi?

Wa_Gule_Dzivarasekwa
Pa mwanayu tigwirizana amayi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Venda_Copacabana
Ndakhala ndikuwerenga chete. Ine ndi mmodzi mwa ana amene anabwezedwa. Ndinasiyira Giredi 7 pa chifukwa chomwechi, tsopano ndili ndi zaka 31, ndimagulitsa masokosi ndi machaja m'tauni. Tsiku langa limatha ndikuthamanga, katundu m'chisaka, maso ku msewu kuopa galimoto ya khonsolo. Akakulanda umayambiranso pa ziro, mwezi uno andilanda kawiri. Malo ovomerezeka ogulitsirapo amafuna chitupa, ngongole ya mabungwe imafuna chitupa, ngakhale pa mukando, gulu la amayi losonkherana ndalama, ena amafuna kuona chitupa poopa kuti uthawa. Choipa kwambiri n'chakuti ana anga awiri nawonso alibe masatifiketi, chifukwa ine mayi wawo ndilibe, ndipo bambo awo anapita ku Joni osabwerera. Woyambayo kalata yake ya kubadwa anaikaniza ku chipatala chifukwa ndinali ndi ngongole ya ubereki. Masamu ndinkawakhoza kwambiri. Aphunzitsi anga ankati ndidzakhala wowerengera ndalama ku banki. Amayi a ku Tafara, musamusiye mwanayo. Chaka chimodzi chikadutsa amayamba kuchita manyazi kukhala m'kalasi ndi ana aang'ono, ndiye basi zatha. Ine zinatha choncho.

Mphunzitsi_Mufakose
Mwana wanga, zaka 31 si mochedwa kutenga chitupa. Ngati unabadwira muno ndipo kholo lako linali la ku Malawi, gawo 43 lija likukunena iwenso. Ndilembere kumbali tione mapepala omwe alipo. Ukapeza chako, ana ako awiri atsegukiridwa nthawi imodzi. Ndipo chipatala sichiyenera kugwira kalata ya mwana ngati chikole cha ngongole, zimenezo maloya aja amazitsata.

Venda_Copacabana
Ndilemba usiku ndikaweruka, aphunzitsi. Zikomo.

Makaniko_Gazaland
Achemwali a ku Copacabana, nkhani yanu yandikhudza. Maganizo anga pa anyamata a pa kona sanasinthe, koma inu palibe amene anganene kuti simulimbikira. Amayi a ku Tafara, tsiku lopita ku maofesi mundiuze, ndili ndi kagalimoto, agogowo asavutike ndi makombi. Mafuta ndi anga.

Wopuma_Kambuzuma
Pitani m'mamawa kwambiri, ndipo tengani chakudya ndi madzi. Agogo asamayankhe okha mafunso ngati Chishona kapena Chingerezi chikuwavuta, anthu ambiri amabwezedwa chifukwa chosokoneza zaka ndi maina a malo. Lembani pa pepala dzina la famu, dzina la mwini famu wakale, ndi chaka chomwe anachokako.

Gogo_Hopley
Mukawafunse agogowo kuti famu yawo inali iti. Kuno ku Hopley kuli anthu ambiri ochokera m'mafamu a ku Bindura ndi Shamva, timakumana pa maliro. Mwina apezeka wowadziwa amene ali ndi chitupa, n'kukhala mboni.

NaPhiri_Tafara
Ndabwerako kwa agogo. Tinatsegula sutikesi, munali nsalu, chithunzi chimodzi cha malemu mwana wawo, ndi Baibulo la Chichewa lakale lopanda chikuto. Mkati mwa Baibulomo ndi momwe tapeza khadi la sikelo la mwanayu, lapindika ndipo lada, koma dzina la mayi, tsiku lobadwa ndi chidindo cha kiliniki zikuwerengeka. Agogo analira, akuti ankaganiza kuti linapita ndi mvula yomwe inalowa m'nyumba chaka chatha. Dzina la famu andiuza, agogo a ku Hopley ndakutumizirani kumbali. Mawa ndipita kwa mphunzitsi wamkulu kukapempha kalata, ndipo ndikafunsanso za BEAM, thandizo la boma la fizi ya ana ovutika, monga wina anandiuzira, kuti mwina fizi angamulipirire ngati mwana wamasiye. A ku Gazaland, tikuganiza Lachinayi sabata ya mawa.

Koma pali china. Nditamuuza mwanayo kuti mwina Januwale abwerera ku sukulu, sanasangalale monga ndinkayembekezera. Anakhala chete, kenako anafunsa kuti, "Nanga ufa azigula ndani?" Ndalama ya madzi ija ndi yomwe akudyera awiriwo, ndiponso ndi yomwe amalipirira kachipindako. Agogo miyendo inatupa, sangathe kukankha wilibala. Ine ndingathe kuwapatsa ndiwo ndi matimati otsala, koma ufa ndi lendi sindingakwanitse ndekha.

MayiMvano_Highfield
Lendi ndi zingati pa mwezi, ndipo ufa wa makilogalamu 10 umawatha masiku angati? Tiuzeni manambala enieni, Lachinayi lino ndikaikamba ku mvano.

Che_Mbare
Ine ndi anzanga awiri a ku Mbare Musika titenga ufa wa miyezi itatu yoyamba. Chimoto cha Okutobala 2024 chinatipsereza katundu, sitinadzukebe bwino, koma thumba limodzi pa mwezi tikwanitsa. Wina atenge lendi.

Mlonda_Mabvuku
Ndalama ndilibe, koma Tafara ndi pafupi. Ndikaweruka m'mawa ndizidutsa ndi wilibala yanga, madzi a pakhomo pa agogowo ndiziwatungira ine. Amayi, mundiuze kuti ndikafika pa mashopu ndikhotere mbali iti.